Chala cha Amalume

Pa Chisitu, chiperoni chikangoleka kunyowetsa khonde,
tinkatuluka ana asanu a nyumba ziwiri,
mapazi ofiira ndi katondo,
milomo ikuyabwa nanazi wosapsa amene tinaba dzulo.
Phada anali wa Esinala.
Mwala ukakwera m'mwamba
dzanja lake linkasesa pansi ngati nkhuku yotola mapira.
Fulaye tinkamenya ndi mpira wa majumbo
mpaka botolo lidzaze mchenga kapena wina alire.
Koma chibisalirano sichinkayamba
amalume a Mukhwapa asanaweruke ku esiteti.

Ankafika akununkha tiyi wamuwisi,
zingwe za dengu zitasiya mizere m'mapewa.
Ankatiika pamzere,
chala chawo chakuda ndi utomoni chikugogoda zifuwa zathu:
Mulaviwa,
Nakhumwa,
Khupeya,
Namalowe,
Muhiye.
Womugwera Muhiye ankatsinzina, chipumi pakhoma la khitchini,
enafe n'kumwazikira mu nandolo.
Kawirikawiri ndinali ine.
Ndinkafuula, Ndibwere?
Munda wonse unkayankha, Ayi!

Sitinafunsepo tanthauzo.
Tinkayesa ndi phokoso chabe, ngati la njinga yopanda mafuta.

Tsopano imvi zayamba, amalume tinawaika kalekale,
ndipo ndikuyenda ndi kope la mizere
kufunafuna amene anatibereka.
Ku mishoni anandipatsa kaundula wa ubatizo,
chiswe chitadya kale zaka khumi ndi ziwiri.
Ku ofesi ya esiteti kalaliki ananyambita chala,
natsegula buku lonunkha mphemvu:
bambo wa agogo anga analembedwa Sikisipensi,
nambala 214, wochokera kwa Apwitikizi,
anadulidwa malipiro kawiri chifukwa cha mvula.
Mkazi wake mulibemo.
Kumanda kulibe mwala, kuli mitengo ya naphini
imene sidziwa kulemba.

Tsiku la msika ku Limbuli tcheni cha njinga chinaduka.
Wokonza wake, a Nipuro, mano atatu m'kamwa,
anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndine wa mtundu wanji.
Ndinaseka, ndinati Chilomwe changa chonse
ndi mawu asanu a masewera,
ndipo ndinawatchula monga mwana, chala chili m'mwamba.

Anaika sipanala pansi.
Bwerezani.
Ndinabwereza.

Anayiwo ndi mayina a anthu, anatero,
mayina a ana, a tsidya ilo.
Lachisanulo si dzina, mayi.
Muhiye ndiye kuti musiye.

Matola a chimanga ankadutsa,
wina ankatsatsa makaka ndi kalongonda,
ine nditagwira chishalo ngati chingandithawe.

Palibe buku limene lidzandiuze zotsalazo.
Ndikungoona mkazi wopanda dzina mu kaundula
ali pagombe la Muloza usiku, madzi atafika m'chiuno,
asilikali a msonkho ali kumbuyo,
akuwerenga ana ake pogwira mitu mumdima.
Anayi akuyenda okha.
Wachisanu watentha thupi, sakudzuka,
ndipo wina, kaya mwamuna wake, kaya mantha,
akunong'ona liwu lija.

Kenaka zaka za m'mizere ya tiyi.
Madzulo alionse akuwerengabe,
kufika pa anayi, chala n'kupitirira chokha.
Ana anamva, anayesa nyimbo,
anapatsira ana awo,
mpaka inafika pachifuwa panga
ine n'kumaseka.

M'kope langa ndajambula mtengo wa banja.
Nthambi zinayi zili ndi mayina.
Yachisanu ndaisiya yoyera,
sindikudziwa ngati anali mnyamata,
ngati kunacha ali moyo,
ngati ku Milanje kuli mayi wa mphumi ngati yanga
amene akugulitsa matemba osadziwa kuti amawerengedwa.

Dzulo ndinapita pamlatho.
Phiri linali litafunda mtambo mpaka m'mawondo.
Ndinatsamira chitsulo, ndinatsinzina
monga pakhoma la khitchini lija,
ndipo ndinafunsa tsidya linalo, motsitsa mawu
kuti apolisi a pachipata asandiyese wamisala:

Ndibwere?